Lipoti la nthumwi: ntchito ya anamwino othandiza maloya ku England ndi Wales

Amayi apampando ndi anamwino anzathu, tabwerako ku msonkhano wa masiku awiri umene munatituma. Munafuna tikamve ngati namwino wa kwathu amene ali m'kaundula wa NMC (bungwe lolembetsa anamwino ku UK) angatsegule bizinesi yowerengera maloya mafayilo a odwala ndi kuwalembera malipoti. Angathe ndithu. Koma chimene tagwira kwambiri n'chakuti wolipira ndi loya, pamene mwini lipoti ndi khothi, ndipo ambiri amapunthwa pomwepa. Anzathu a ku Scotland ndi Northern Ireland adziwe kuti makhothi akumeneko ali ndi malamulo awoawo.

Lamulo lake ndi Part 35 ya Civil Procedure Rules (malamulo oyendetsera milandu yosumirana), limene limati udindo wa katswiri kwa khothi umaposa udindo wake kwa womulemba ntchito. Kumapeto kwa lipoti mumasainira kuti zolembedwazo ndi zoona ndipo ndi maganizo anu enieni. Loya akaimba foni kuti ndime yakuti muichotse chifukwa ikuwononga mlandu, mungasinthe pokhapokha atakusonyezani tsamba limene munaliphonya. Kuyambira 2011, pa chigamulo cha Jones v Kaney, katswiri wogwira ntchito mosasamala angathe kusumiridwa ndi amene anamulemba. Choncho musangoganiza kuti inshuwalansi yanu ya pa wodi ikukutetezani. Alembereni eni ake, akuyankheni polemba, musanalandire fayilo yoyamba.

Ntchito yoyambira ndi kusanja zochitika motsata tsiku ndi ola, kenako kuuza loya ngati pali mlandu kapena ayi. Ina ndi lipoti loweruza ngati chisamaliro cha anamwino chinaperewera, ndipo ina ndi yowerengera chisamaliro chimene wovulala adzafunike moyo wake wonse. Yomalizayi ndi ya amene agwira nthawi yaitali ntchito yosamalira anthu kunyumba.

Tinakhala nthawi yaitali pa chitsanzo cha zilonda zogonera, chifukwa ndi milandu imene anamwino amaitanidwira kawirikawiri. Fayilo ikafika, musayambe n'kuwerenga. Onani kaye ngati masamba ali ndi manambala, ndipo lembani zimene zikusowa: tchati chotembenuzira wodwala, MAR (tchati cha mankhwala operekedwa), zithunzi za chilonda, zolemba za namwino wa zilonda. Mukatero funani Waterlow (muyezo wa chiopsezo cha zilonda zogonera) ya tsiku logonekedwa, muone ngati anaibwereza wodwala atafooka. Malangizo a 2014 a NICE, bungwe lopereka malangizo a zaumoyo, amati wamkulu amene ali pachiopsezo asinthidwe kagonedwe pasanathe maola 6, ndipo amene ali pachiopsezo chachikulu pasanathe maola 4. Tsono yang'anitsitsani tchaticho. Mukapeza usiku wonse wadzazidwa ndi cholembera chimodzi, dzanja limodzi, maola ali ndondondo ngati wotchi, pamene zolemba zina zikusonyeza kuti pa ola limenelo wodwalayo anali ku X-ray, lembani kusagwirizanako ndi manambala a masamba onse awiri. Musalembe kuti namwino ananama. Zimenezo n'za woweruza. Chimodzimodzi pa NEWS2, muyezo wosonyeza kuti wodwala akufooka: 5 imafuna kuti wodwala aonedwe mwamsanga, 7 ndi ngozi, ndiye funani pamene dokotala anaitanidwa ndi pamene anafika.

Muyezo wake si umene inuyo mukanachita. Chigamulo cha Bolam cha 1957 chimafunsa ngati gulu lodalirika la a ntchitoyo likanavomereza zimene zinachitika, ndipo cha Bolitho cha 1997 chinawonjezera kuti maganizo a gululo akhale omveka. Gwiritsani malangizo amene analipo chaka cha nkhaniyo, osati a lero. Ndipo khalani m'munda mwanu: namwino wa ana asaweruze za wodi ya okalamba, komanso funso lakuti chilonda ndicho chinapha munthu muwasiyire madokotala. Ifeyo taona kuti apa m'pamene mtima wofuna kuthandiza umatigwetsa, poyankha funso limene si lathu.

Masiku ndi okhwima. Limitation Act 1980 imapereka zaka 3 zokasuma, ndipo kwa mwana zimayamba akakwanitsa zaka 18, kotero loya angabwere kwatsala milungu yochepa. Ngati simungathe, kanani tsiku lomwelo. Lipoti likaperekedwa, mbali inayo ili ndi masiku 28 okutumizirani mafunso, ndipo khothi lingalamule kuti mukambirane ndi katswiri wawo n'kulemba limodzi zimene mwagwirizana ndi zimene mwasiyana.

Pa ndalama, musatsegule fayilo popanda kalata ya mgwirizano yosainidwa. Itchule mtengo wa pa ola, maola amene mukuyembekezera, masiku olipirira, ndi zimene mudzalandire mlandu ukalephereka mutatenga kale tchuthi. Maloya ena amapempha kudzalipira mlandu ukatha, ndipo zimenezi zingatenge zaka, lendi ikukudikirani. Malipiro odalira kupambana kwa mlandu akaneni, chifukwa amachotsa chikhulupiriro pa lipoti lanu. Kalembetseni ku HMRC, bungwe la misonkho, pofika 5 October chaka cha msonkho chikatha, ndipo fomu ya pa intaneti ifike pofika 31 January. VAT imayamba ndalama zolowa zikadutsa £90,000 pa miyezi 12. Amene ali pa viza ya Health and Care Worker, ntchito yapadera isapitirire maola 20 pa sabata, ndipo aone kaye malamulo atsopano a Home Office.

Mafayilo ndi zinsinsi za anthu. Lipirani chiphaso ku ICO (bungwe loteteza zinsinsi za anthu), khalani ndi kompyuta yakeyake yotsekedwa bwino, osati imene ana amachitira homuweki, ndipo tsamba la wodwala lisadutse pa WhatsApp. Zikatayika mwangozi, muli ndi maola 72 odziwitsa ICO. Mlandu wokhudza chipatala chimene mumagwirako ntchito, kapena munthu amene mumapemphera naye, ubwezeni.

Pomaliza, musasiye wodi. NMC imafuna maola 450 ogwira ntchito ya unamwino pa zaka 3 kuti mukhalebe m'kaundula, komanso loya wa mbali inayo adzakufunsani m'khothi kuti munatembenuza liti wodwala komaliza.

Tikupempha komiti kuti pa msonkhano ukubwerawu ofuna ntchitoyi abwere ndi CV yosonyeza mawodi ndi zaka zimene agwira, kuti tiwaike awiriawiri. Tabweretsa fayilo yophunzirira yopanda mayina, ndipo gulu lililonse lidzayamba n'kuisanja motsata ola.