Kumbukirani banja la John Parker pokamba za Chilembwe

Akonzi,

Ndikupempha danga m'nyuzipepala yanu kuti ndikambepo za munthu amene anamwalira kalekale kutsidya kwa nyanja, koma amene mbiri ya banja lake imakhudzana ndi mbiri yathu. Munthuyu ndi John Parker, yemwe anali kaputeni wa asilikali a m'mudzi wa Lexington ku Massachusetts, m'dziko limene lero ndi America, pa nthawi imene dera limenelo linali pansi pa ufumu wa Britain.

Parker anabadwa mu 1729 ndipo ntchito yake inali ulimi ndi luso la manja. Asilikali amene ankawatsogolera sanali olembedwa ntchito ndi boma ayi, koma anali amuna a m'mudzimo amene lamulo linkawakakamiza kusunga mfuti ndi kuphunzira za nkhondo pa masiku oikika, ndipo iwo omwe ndiwo anamusankha kukhala mtsogoleri wawo. M'mawa wa pa 19 Epulo 1775, asilikali a mfumu pafupifupi 700 ankadutsa pa Lexington popita ku Concord kukalanda zida, ndipo anapeza amuna osakwana 80 ataima pabwalo la mudzi ndi mfuti zawo za gogodela. Parker anali atadwala kale chifuwa chachikulu. Mu umboni umene analumbira patangopita masiku ochepa, iye ananena kuti analamula anthu ake kuti abalalike ndipo asawombere, komabe mfuti zinalira, ndipo anthu 8 a kumbali yake anafa pomwe 10 anavulala. Mmodzi mwa ofawo anali mbale wake Jonas Parker, amene atawomberedwa sanathawe, mpaka anamalizidwa ndi mpeni wa kunsonga kwa mfuti. Madzulo a tsiku lomwelo kaputeniyo anasonkhanitsanso otsalawo n'kukabisalira asilikali a mfumu pobwerera. Iye anamwalira ndi matenda akewo mu Sepitembala chaka chomwecho, kusiya mkazi wake Lydia ndi ana, osaona n'komwe ufulu wa dziko limene ankalimenyera.

Chimene chimandikhudza mtima kwambiri ndi chakuti pakati pa ovulala m'mawa umenewo panali Prince Estabrook, munthu wakuda amene anali kapolo m'mudzi momwemo. Anaima pamzere umodzi ndi anthu ofuna ufulu, pamene iye mwini anali katundu wa munthu wina pamaso pa lamulo. Sindikufuna kuti timuyeretse Parker kuposa mmene analili, chifukwa anthu a mtundu wake anali atsamunda okhala pamalo a eni nthaka, ndipo ufulu umene ankaufuna sunali wa aliyense.

Ngongole imeneyi inagwera mdzukulu wake. Theodore Parker, amene anabadwa mu 1810 kwa mwana wamwamuna wa kaputeniyu, anakhala mbusa wotchuka ku Boston, ndipo ankasunga mfuti ya agogo akewo m'chipinda chake chowerengera. Boma la America litakhazikitsa lamulo la 1850 lokakamiza anthu kubweza akapolo othawa, mbusayu anakana kulimvera. Anabisa m'nyumba mwake Ellen Craft, mayi amene anathawa ukapolo ku Georgia pamodzi ndi mwamuna wake William, pa nthawi imene osaka akapolo anali atafika mumzindamo kudzawagwira. Pambuyo pake anakhala mmodzi mwa amuna 6 amene ankathandiza mwachinsinsi ndi ndalama John Brown, mzungu wolimbana ndi ukapolo, Brown asanakaukire nkhokwe ya zida ya boma ku Harpers Ferry mu 1859. Brown ananyongedwa chaka chomwecho, ndipo Theodore anamwalira ku Florence ku Italy mu 1860, nayenso ndi chifuwa chachikulu.

Apa ndi pamene nkhaniyi imafika kwathu. M'busa John Chilembwe anapita ku America mu 1897 ndi mmishonale Joseph Booth n'kukaphunzira ku Lynchburg ku Virginia, boma lomwelo limene linazenga mlandu wa John Brown. George Mwase, amene analemba za kuukira kwa mu Januwale 1915, anafotokoza kuti Chilembwe anatchula John Brown polimbikitsa anthu ake, powauza kuti ngakhale imfa inali yodziwikiratu, kunali koyenera kusonyeza kuti anthu akuda sakuvomereza nkhanza.

Chaka chilichonse pa 15 Januwale timamva za Mbombwe, za minda ya A. L. Bruce ndi za thangata, ndipo n'koyenera kutero. Koma ana athu a sukulu amakula akuganiza kuti maganizo a Chilembwe anangomera okha ku Chiradzulu, osadziwa za zaka zimene anakhala pakati pa ana ndi adzukulu a akapolo. Ndikupempha kuti Januwale akubwerayu nyuzipepala yanu ipatule tsamba lofotokoza za zaka zimenezo, za John Brown ndi za banja la Parker, m'Chichewa chimene aphunzitsi a mbiri angawerenge m'kalasi.

Ine wowerenga wanu,
Mphunzitsi wopuma ntchito, Zomba