Tiuzeni kuti mankhwala a mtima anayesedwa pa nyama iti

A Mkonzi,

Ndikupempha kuti mukamalemba za mankhwala atsopano a mtima oyesedwa pa nyama, muzitchula nyamayo, chifukwa mitima ya nyama siiwonongeka mofanana mtsempha wake ukatsekeka.

Kusiyanaku kumachokera ku timitsempha tam'mbali tomwe timalambalalitsa magazi kukafika kumene atsekeredwa. M'chaka cha 1987, ofufuza Maxwell, Hearse ndi Yellon anapeza kuti mbira ili ndi timitsempha totere tochuluka kwambiri, moti ngakhale mtsempha umodzi utamangidwa ndi ulusi, mnofu wa mtima wake umalandirabe magazi okwanira. Galu ndi mphaka ali pakatikati, pamene nkhumba ndi kalulu zili ngati zilibiretu.

Mu 1977, ofufuza Reimer, Jennings ndi anzawo anaonetsa kuti mwa galu, mtsempha ukatsekeka, mnofu wa mtima umayamba kufa cham'kati, kenako imfayo imafalikira kunja kwa maola atatu mpaka asanu ndi limodzi; mwa nkhumba zimachitika msanga kwambiri. Choncho ofufuza akapanda kuyeza magazi odutsa m'timitsemphati, angayamikire mankhwala pa ntchito yomwe thupi la galuyo lagwira lokha.

Anthunso timasiyana pa kuchuluka kwa timitsemphati, ndipo nkhani yosatchula zimenezi imapatsa odwala chiyembekezo chomwe madokotala awo sangathe kuchikwaniritsa.

Wowerenga wanu,
Zomba