Ophunzira za IT asamangotumidwa kusintha inki

Akonzi,

M'makampani akuluakulu a ku City Centre ndi ku Kanengo, ophunzira za IT (za makompyuta) ambiri amene amabwera kudzaphunzira ntchito amangotumidwa kunyamula makompyuta ndi kusintha inki ya printer. Uku n'kuwononga nthawi ya ana a eni.

Ku England, kuyambira 2015, wachinyamata amatha kulembedwa ntchito, kumalandira malipiro, kwinaku akuphunzira digiri osalipira yekha fizi. Kuno olemba ntchito amapereka kale 1 peresenti ya malipiro a antchito ku TEVETA, choncho poyambira palipo.

Wophunzira apatsidwe womuyang'anira mmodzi. Ayambire pothandiza antchito anzake, kulemba vuto lililonse ndi mmene lathera. Kenako agwire netiweki ndi manja. Chingwe cholumikizira makompyuta cha Cat6 chili ndi mawaya 8, ndipo akasokoneza mitundu ya mawayawo pomanga RJ45, mutu wa kumapeto kwa chingwe, kulumikizana kumakana kapena kumadukaduka. Chingwecho chisapitirire mamita 100.

Asapatsidwe akaunti ya admin, yotha kusintha chilichonse, msangamsanga: lamulo limodzi lolakwika limene angalembe pa seva, kompyuta yaikulu yotumikira ena onse, limatha kuimitsa dipatimenti yonse. Ayesere kaye pa kompyuta yophunzirirapo.

Chomwe chimatipweteka mtima kwambiri ndi backup, kusunga makope a mafayilo pamalo ena. Ambiri amaona uthenga wakuti zatheka n'kukhulupirira, osayesa kubwezeretsa ngakhale fayilo imodzi. Magetsi akathima, mabatire a UPS (chipangizo chopatsa kompyuta mphamvu magetsi akathima) atafooka kale, m'pamene amazindikira kuti zosungidwazo sizikutseguka. Wophunzira aziyesa kubwezeretsa mwezi uliwonse, womuyang'anira ali pambali pake.

Ogwira ntchito za makompyuta,
Lilongwe