Mwana wanga, za nyenyezi zogula zija

Mwana wanga,

Ndakuimbira kawiri Lachiwiri, kamodzi Lachinayi, foni kumangolira. Ndiye ndati ndilembe, poti ntchito yako ndi yowerenga zimene anthu alemba, mwina izi uwerenga. Kuno ku Mufakose, ku Harare, tili bwino, kupatula bondo lija. Madzi sanatuluke pampopi sabata yonse, mlongo wako akutunga kumjigo.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi, mayi wina wa Chigwirizano anandikokera kuseri kwa holo. Sindimutchula, ungayambe kumuda. Akuti mnzako uja wa galimoto yofiira anasonkhanitsa ana a kwaya n'kuwauza kuti aliyense alembe pa Google mawu oyamikira bambo uja wogulitsa mapuloti, aike nyenyezi zisanu, iye awatumizira madola awiriawiri pa EcoCash. Mawuwo anawalembera yekha, iwo kwawo kunali kukopera basi. Ndinaona ndi maso anga pafoni ya mwana wa mayiyo. Ana a Form 4 kuyamikira puloti imene anagula! Anagula ndi chiyani, ndalama ya maputi? Ndipo akuti zonsezi zikuchitika m'dzina la kampani yako.

Ndinangoti kakasi. Nsima usiku umenewo sinapite.

Ukuwadziwa amene analemba dandaulo limene mukufuna kulikwirira ndi nyenyezi zimenezo. Ndi amayi aja a m'sosaite yathu, amene amuna awo tinakawaika ku Granville mvula ikugwa, iwe utanyamula nawo bokosi. Ndalama zonse zimene anasiyiridwa anapereka kwa bamboyo, kukafika pamalopo n'kupeza wina wamanga kale mpaka pawindo. Nanga anawaphunzitsa kulemba dandaulo pa Google ndi ndani? Si iwe? Pakhonde pano, utakhala pa kampando ka bambo ako, ukuwagwira chala kuti adine apa, adine apo, iwo akuseka kuti chala chawo n'cha khasu. Unawauza kuti mawu awo palibe angawafufute. Lero ndikaonane nawo bwanji pa msonkhano wa sosaite? Nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu, ndipo m'mimba mwanga mwayamba kale kupota.

Ntchito yakoyi ine ndinachedwa kuimvetsa, ndikuvomera. Anthu akandifunsa ndinkangoti amagwira za makompyuta. Koma ndinadzamvetsa ndi kalipentala uja wa ku Glen View, amene munthu wina anamulemba pa Facebook kuti mipando yake inasweka mwezi usanathe. Iye ankafuna kumutukwana. Iwe unamuletsa, unamulembera yankho laulemu tsiku lomwelo, unamukakamiza kuti akatenge mipandoyo akakonze mwaulere, kenako n'kupempha anthu amene anagulako zoona kuti nawonso alembe zimene anaona. Unandiuza kuti mwini bizinesi sangachotse dandaulo pa Google, angathe kungoyankha kapena kukadandaula ngati lili labodza. Unandiuzanso kuti Google ikaona mawu ofanana akubwera tsiku limodzi kuchokera kwa anthu osagulako, imawachotsa. Ndi iwe unanena zimenezi, si ine. Nanga mnzakoyo sunamuuze?

Msika wa Mbare utapsa mu October 2024 sunagone kunyumba masiku atatu. Unkayenda ndi foni ziwiri, kulembera amayi a tomato ndi anyamata a mbatata m'magulu a WhatsApp kuti makasitomala awo adziwe pamene asamukira, osalandira ngakhale senti. Unabwera malaya akununkha utsi, ndinachapa kawiri. Ndinayenda mutu uli m'mwamba mwezi wonse, mpaka abusa anakutchula paguwa. Anthu amene akupatsa ntchito lerowa anabwera chifukwa cha utsi umenewo.

Ndikudziwa kuti zikukuvuta. Lendi ya ku Avondale ndi ya madola a ku America, pamene kasitomala wako wa saluni akulipira madola khumi, mwina ndalama ya kuno ya ZiG, mwina nkhuku ngati ija unandibweretsera. Ndinakuuza kuti chipinda chakumbuyo chili mbee, ungagwiriremo ntchito, iwe unati makasitomala akuluakulu safika ku Mufakose. Akuluakulu ake ndi amenewa? Bwerera, tichotsemo makina osokera. Sindikulipiritsa, magetsi okha.

Mnzako uja. Ndakhala chete zaka zambiri poopa kuti uziti amayi amadana ndi anzanga. Kodi waiwala njinga yako ya Grade 7? Anabwereka kuti akagule buledi, inabwera patatha masabata awiri ilibe tcheni, iye akuseka, iwe n'kumamuikira kumbuyo. Bambo ako anati mwana ameneyu ali ndi pakamwa pa shuga. Moni wake ndi wabwino, sindikana, amagwada bwino kuposa iwe. Koma pa chikalata cha kampani pali dzina la ndani? Nambala imene ili pa Facebook ndi ya ndani? Zikadzavuta iye adzakwera basi pa Roadport, m'mawa mwake ali ku Johannesburg, apolisi adzagogoda pakhomo pako, akakusowa adzagogoda panga.

Mkulu wa mpingo uja amene anagwirapo ntchito kukhoti wandiuza kuti lamulo la 2021 la za intaneti, la Cyber and Data Protection Act, limalanga munthu wofalitsa uthenga wabodza pofuna kupweteka mnzake, mpaka zaka zisanu m'ndende. Ndanena izi chifukwa ndamvanso kuti mnzakoyo akufuna kulemba kuti amayi aja mutu sukuyenda bwino, kuti sanalipire n'komwe. Ngati zimenezo zatuluka kale, zichotse lero. Malisiti awo ndinawaona, amawasunga m'Baibulo.

Ndikulemba izi ndakumbuka 2008. Iwe unali wamng'ono koma mizere ya buledi ukuikumbuka. Bambo ako anali msungichuma wa sosaite, ndalama zimene anthu anasonkha zaka ndi zaka zinasanduka mapepala, osakwana ngakhale chogwirira cha bokosi. Ena anayamba kunong'ona kuti adya. Bambo ako sanakangane ndi munthu. Anatenga buku lija lachikuto chakuda, anakaliika patebulo, n'kuwerenga dzina ndi dzina, tsiku ndi tsiku, kuyambira 2 koloko mpaka mdima, mawu atasasa. Atamaliza anthu anawasankhanso. Bukulo lili m'sutikesi pansi pa bedi, mbewa zinadya pakona. Sindikudziwa chifukwa chake ndalitulutsa dzulo.

Ife kuno dzina tinachita kulikumba ndi manja. Agogo ako anachoka ku Dedza pa lole ya Ulere kudzagwira m'minda ya fodya, anthu akuwatcha Mabhurandaya. Ine wobadwira ku Harare konkuno ndinayenda ndi chitupa cholembedwa kuti ndine mlendo, mpaka malamulo a dziko a 2013 ndi amene anatizindikira kuti ndife nzika. Mmodzi wa ife akalakwa, satchula dzina lake, amati ndi Amalawi aja. Ndiye iwe utenge ana athu omwe, a kwaya yathu yomwe, uwaphunzitse kunama pa madola awiri?

Mwina sukudziwa. Usiku ndimadziuza choncho, kuti mwana wanga sakudziwa, mnzakeyo wachita kumbali. Ngati ndi choncho ndikhululukire, ndine mayi, ndimathamanga. Koma ngati ukudziwa, bweza ndalama za bamboyo, ngakhale zitakhala kuti wadyako. Ndili ndi madola 60 a chipereganyu, ndikupatsa uwonjezere, udzabweza ukadzapeza. Uwauze anawo afufute zimene analemba, aliyense pafoni yake, iwe ukuona. Kwa amayi aja tipitira limodzi, ine ndiyamba kulankhula. Ndipo mnzakoyo umulande mapasiwedi onse, usachite naye manyazi, iye njinga ija sanachite nayo manyazi.

Ukudya koma? Pachithunzi chimene unaika sabata yatha khosi latalika. Ndipo jekete lija si lako, ndalizindikira, ndi la iyeyo.

Sosaite ikumana Loweruka loyamba la mwezi, 2 koloko, kunyumba kwa apampando. Ndikufuna ufike Lachisanu madzulo tikambirane, ubwere wekha, usabwere pa galimoto yofiira. Ndiphika nkhwani wotendera. Ukamabwera undigulireko mafuta opaka bondo aja, a botolo lobiriwira, kuno akudula.

Ndine mayi ako.