Zidutswa za zitenje tisamazitenthe

Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi atelala komanso amayi anzanga kudzera m'nyuzipepala yanu. Loweruka lapitali ndinapeza mnyamata kuseri kwa shopu ya telala akukoleza moto pa thumba la zidutswa za zitenje, ati nzinyalala. Mtima unandipweteka, chifukwa chofunda chimene adzukulu anga akugonera mu June muno, mphepo ya kuno ku Dedza ikulowa mpaka m'mafupa, ndinachisoka ndi zidutswa ngati zomwezo.

Ine ndimasokerera zigamba zozungulira pamwamba pa nsalu za makona anayi, ndi manja, kenaka nkulumikiza zonse. Ambiri amene ndawaphunzitsa amagwa pa chinthu chimodzi: amathamangira singano. Chigamba chosakonzedwa bwino chimatuluka chopindikapindika ngati mbatata, ndipo singano singachiwongole.

Ndimayamba ndachapa zidutswa zonse, zofiira pazokha, chifukwa zina zimasuluka ndipo nsalu ya thonje imachepa ikalawa madzi koyamba. Zikauma ndimazisita. Kenaka ndimavundikira kambale pa katoni yopyapyala, nkujambula, nkudula mosamala kwambiri, poti kachilema kalikonse ka katoniyo kadzaoneka pa zigamba zonse. Katoni yanga ndi ya masentimita 14 kudutsa pakati. Nsalu ndimaidula mokulirapo ndi sentimita imodzi kuzungulira konse. Mukaposa pamenepo imaunjikana mkati nkuchita mabampu, mukachepetsa ulusi umathothoka.

Apa ndiye pagona luso. Ndimayendetsa ulusi m'mphepete mwa nsaluyo, timisoko tating'onoting'ono tofanana, nkuika katoni pakati cha kumbuyo, nkukoka ulusi pang'onopang'ono. Nsalu imadzipinda yokha kukumbatira katoni ngati kapu ya khanda. Ndimanyowetsa m'mphepetemo ndi madzi owiritsa ndi kaufa pang'ono ka chinangwa kuti mulimbe, nkusita. Ngati simbi yanu ndi ya makala ngati yanga, yalani kansalu koyera pamwamba, phulusa lingakudetsereni chigamba. Ikazizira ndimamasulako ulusi, nkutulutsa katoni, nkukokanso. Chimatuluka chozungulira ngati mwezi.

Nsalu yapansi ndimaidula masentimita 22 mbali zonse, kuti ikalumikizidwa itsale 20. Ndimaipinda kanayi kuti ndipeze pakati, chigambanso chimodzimodzi, mizere ikumane, nkugwiriza ndi ulusi wongoyembekezera. Mapini okha amasuntha mukanyamula ntchito kupita nayo pakhonde.

Posoka, ulusi ufanane ndi chigamba, osati nsalu yapansi. Singano itulukire pa mpindo penipeni, itole ulusi uwiri kapena utatu basi, ilowe m'nsalu yapansi pomwepo pamene yatulukira, iyende pansi pang'ono, itulukenso. Mukasoka bwino, munthu amachita kuyandikitsa maso kufuna ulusi osaupeza. Musakoke mwamphamvu, nsalu imakwinyika. Chigamba chimodzi chimanditengera madzulo amodzi ndikamaliza za kumunda, ndipo bedi lalikulu linafuna 80, mizere 10 ya zigamba 8. Mkati ndinaikamo bulangete lakale lomwe linali litayamba kubooka.

Mdzukulu wanga wamkazi, wa Sitandade 6, amaloza chigamba chobiriwira nkunena kuti ndi chitenje chimene amayi ake anamuberekera. Ndi iye amene amandidulira makatoni tsopano, ndipo wayamba kugwira singano.

Atelala inu, chonde, kadutswa kalikonse koposa chikhatho kaikeni m'thumba lapadera. Gulitsani motchipa kapena patsani amayi a Mvano ndi a mabanki a m'mudzi, amene amakumana kale sabata ndi sabata ndipo angathe kuphunzitsana. Mnyamata uja ndinamupempha kuti azimitse moto, ndipo ndinapulumutsa theka la thumba. Ndachapa kale zofiira, zili pachingwe.

Mayi wosoka ndi manja,
Dedza