Ku Joni kuno si lendi ndi maliro zokha ayi

A Mkonzi,

Ndimawerenga nyuzipepala yanu pa foni kuno ku Johannesburg ndipo ndili ndi kadandaulo. Nkhani ya ku Joni ikatuluka mwanu ndiye kuti ndi ya anthu amene awagwira alibe mapepala, kapena mtembo ukudikira ndalama za transipoti kuti upite kumudzi. Zimenezo zilipodi sindikukana, koma mzinda uno uli ndi zinanso zoti munthu nkuona, ndipo ife a Malawi timangozidutsa tili mu tekisi maso ali pa WhatsApp.

Ine ndimagwira ntchito ku Braamfontein, dera la ana a sukulu a pa yunivesite ya Wits, ndipo yunivesite ya Johannesburg (UJ) nayo siili patali, ili ku Auckland Park ndi ku Doornfontein. Ana a ku Malawi ophunzira m'mayunivesite amenewa alipo ndithu, ena ndimakumana nawo pogula chakudya masana tikamvana Chichewa pa mzere, koma ukawafunsa kuti wikendi mumatani yankho ndi lomwelija, kuchapa, kutchalitchi, kugona, mwina ku mall kukangoyang'ana zinthu zoti sagula. Akuti ndalama palibe. Chabwino, koma Wits Art Museum ili pomwepo pa kona ya Jorissen ndi Bertha, kulowa ndi ulere, sulipira ngakhale randi imodzi, ndipo mwana woti amadutsa pakhomo pake tsiku lililonse popita ku kalasi sanalowemo. Muli zosema, mikanda, nsalu ndi zojambula zochokera m'mayiko osiyanasiyana a mu Africa muno. Mlonda wa pakhomo sakufunsa kuti kwanu nkuti.

Koma malo amene ndikufuna a Malawi anzanga apiteko kwenikweni ali ku Newtown, ukangowoloka Nelson Mandela Bridge wapansi. Kuli Workers' Museum, kamalo kakang'ono koti ambiri sakadziwa. Inali komponi yogonamo amuna ogwira ntchito za khonsolo ochokera kutali, anaimanga mu 1913, ndipo mabedi ake akadalipo. Ndikati mabedi musaganize za matilesi, ndi simenti basi, mashelufu a konkire ogundanagundana, munthu wamkulu wa banja lake kumagona pamenepo m'nyengo yozizira ya kuno ya June ija imene ngakhale uli ndi mabulangete awiri umadzuka mafupa akuwawa. Kulinso kachipinda kamene ankatsekeramo wolakwa. Inde si komponi ya ku mgodi, koma ukaima m'menemo nkhani za agogo athu a Wenela ndi Theba, mabungwe aja olemba anthu ntchito za ku migodi, zimamveka mwina. Kumudzi tinkangoona wailesi, njinga ndi jekete zimene anabwera nazo, za komwe ankagona sankanena.

Mbiri yathu ndi mzinda uno inayamba kalekale. Kamuzu Banda yemwe ali mnyamata anagwirako ntchito ku mgodi chakuno asanapite ku America. Clements Kadalie, Mtonga wa ku Nkhata Bay, ndi amene anayambitsa ICU mu 1919 ku Cape Town, bungwe la anthu akuda apantchito limene linagwedeza dziko lino. Mu 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown nkupha a Malawi 74 akubwerera kumudzi, Kamuzu nkuletsa zotumiza anthu ku migodi kwa kanthawi. Ndiye wina akamatiyang'ana ngati tinabwera dzulo pa basi ya ku Park Station, ife tomwe nkumavomera mitu ili pansi, vuto ndi lakuti mbiri imeneyi sitikuidziwa, ndipo ana athu obadwira kuno ndiye ayi ndithu.

Pomwepo ku Newtown pali Market Theatre, inatsegulidwa mu 1976 m'nyumba imene kale unali msika wa zipatso, ndipo nthawi ya tsankho inkaonetsa masewero oti boma silinkawakonda, akuda ndi azungu kukhala holo imodzi. Mpaka lero zisudzo zimachitika. Tikiti ndi ndalama inde, koma tisanamizane, ndalama imene imathera pa mowa Loweruka limodzi ku Mayfair kapena ku Yeoville ndi yokwana kulowa. Constitution Hill nayo ili kumtunda kwa Braamfontein, ndende yakale imene Gandhi ndi Mandela anatsekeredwamo, pano mpamene pali khoti lalikulu la malamulo a dziko. Ku Soweto kuli Hector Pieterson Museum ndi Vilakazi Street koma kumeneko ambiri amapitako kale akabwera alendo, kukajambulitsa basi.

Ndikudziwa ena anena kuti iwe ukulankhula chonchi chifukwa mapepala ako ali bwino. Zoona, munthu amene permit yake inatha sangamayende mu tauni mwachisawawa, ndipo amene amagwira m'nyumba za mabwana kapena m'mashopu a ku Fordsburg ena amapuma Lamlungu lokha, mwinanso theka la tsiku. Amenewo sindikuwanena. Tauni ya Joni nayonso ndi yofuna kuchenjera, foni m'thumba, kuyenda awiri kapena atatu, kubwerera kusanade. Ndikunena ife amene mpata tili nawo, makamaka ana a pa yunivesite amene ali ndi study permit ndi khadi ya sukulu imene malo ambiri amatsitsira nayo mtengo.

Chinanso chimandiwawa pa 24 September, tsiku la Heritage Day. Anzathu amatchena zakwawo, Azulu, Axhosa, Avenda, Basotho ndi mabulangete awo, mpaka mu ofesi, ife tili phee mu jinzi ngati kwathu kulibe chitenje. Magulu athu a pa WhatsApp ndi akatswiri posonkha za maliro, uthenga ukangobwera usiku pofika mawa ndalama zapezeka, ndipo zimenezo nzabwino Mulungu awadalitse. Nanga kusonkha komweko sitingachitire za chisangalalo kamodzi pa chaka? Pa 6 July kubwereka holo, kapena kungokumana ku Zoo Lake, amayi chimtali ndi chioda, anyamata a ku mpoto malipenga, a ku Mangochi beni poti ndiye ochuluka kuno, nsima ya chambo kapena usipa umene umabwera pa mabasi uja, ana nkuona kuti kwawo kuli zinthu. Ana a ku Wits ndi UJ ndi amene angatsogolere poti amadziwa kolemba makalata opempha malo.

Pempho langa kwa inu a Mkonzi, tipatseniko kadanga ngakhale kamodzi pa mwezi kolemba zochitika za kuno, zisudzo, magule, zionetsero, ndani akuimba kuti. Olemba tilipo, ine ndemwe ndiyamba ngati mungalole.

Wowerenga wanu,
Mayfair, Johannesburg