Chiliza chidikire kaye, amayi alibe feteleza

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandauleko kudzera m'nyuzipepala yanu, poti pabwalo la abale mawu a mwana wamkazi safika patali.

Bambo anga anatisiya mu Julayi 2024 atagonekedwa masabata atatu m'chipatala kuno ku Blantyre. Ine ndine woyamba kubadwa, ndimagulitsa kaunjika mumsika wa Ndirande. Misozi yeniyeni ndinadzaigwetsa patatha sabata, chifukwa masiku a maliro ndinali ndi foni kukhutu, kope ndi cholembera m'manja.

Nkhani inayambira pa bokosi. Ine ndi mlongo wanga tinapita kwa akalipentala n'kusankha la matabwa a paini, lopaka vanishi bwinobwino, la K180,000. Abambo aang'ono atafika analizungulira, n'kuligogoda ndi chala ngati akugula chivwende. "Achimwene anga anali aphunzitsi. Mukufuna kumudzi akatiseke?" Tinalibweza n'kutenga kasiketi ya zogwirira zonyezimira, ya K520,000. Iwo anasonkhapo K20,000. Kenako ndalama yokonzetsera thupi kumotchale, lole yopita kwathu ku Ntcheu, minibasi ya amayi a Mvano, matumba anayi a chimanga, nkhuni, shuga, nkhata zamaluwa. Aliyense amene ankati "izi sizingalephereke" sankapisa m'thumba mwake.

Za adzukulu sindidandaula. Anyamata aja anayamba kukumba tambala woyamba asanalire, m'chisanu cha Julayi chija cha ku Ntcheu, dothi lili gwa. Mbuzi imene tinawaphera inali yowayenera. Ngakhalenso amayi a m'mudzi amene anabwera ndi timbale ta ufa ndi mitolo ya nkhuni pamutu, amenewo ndiwo anatinyamula.

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi chipepeso. Kumanda analengeza kuti chakwana K310,000, anthu n'kung'ung'udza mokhutira. Madzulo ake akuluakulu analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Potuluka, uyu wapatsidwa yokwerera basi ya ku Lilongwe, uyu akuti anagula mafuta a galimoto, uyu akuti anakongola mchere pagolosale. Amayi anga, amene anakhala ndi bambowo zaka 38 ndipo ankagona pansi pasimenti m'chipatala muja, anawapatsa K35,000. Anaimanga pansonga ya chitenje n'kuwomba m'manja kuthokoza. Ine ndinatuluka panja.

Ndalama zotsala zolipirira malirowo ndinakongola kubanki m'khonde, pamene chiwongoladzanja ndi K20 pa K100 iliyonse pamwezi, ndipo zitaperewera ndinagwada kwa wakatapila. Mukumbukire kuti apa n'kuti kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, belo la kaunjika litakwera kale moti phindu linali lochita kufufuza. Wakatapilayo ndinamaliza naye nditagulitsa filiji. Kubanki m'khonde anzanga anandimvera chisoni, koma gawo langa la Disembala lonse linathera pomwepo.

Tsopano chaka changodutsa, pagulu lathu la WhatsApp pagwa uthenga: tikonzekere kumanga chiliza. Akufuna mwala wonyezimira wokhala ndi chithunzi, nsalu yofanana banja lonse, tenti, zokuzira mawu, ng'ombe imodzi. Munthu wina wa ku Johannesburg watumiza kale zithunzi za ziliza za kumeneko kuti tionerepo. Ndalama sanatumize. Pamene izi zikukambidwa, denga la amayi likudontha pakona ya kuchipinda, ndipo mvula ikubwerayi alibe ngakhale thumba limodzi la feteleza. Nditalemba zimenezi pagulupo, azakhali anandiyankha kuti, "Iwe mwana, bambo ako ukuwaiwala msanga chotere?"

Sindinawaiwale. Agogo anga aamuna ali pamanda omwewo, pali mtumbira chabe ndi mtengo umene unabzalidwa kumutu, ndipo palibe mdzukulu amene amasochera popita pamenepo. Amayi amanena kuti kale mwambo wokumbukira malemu unkadikira kukolola: chimera chochokera m'nkhokwe yanu yomwe, mowa ndi thobwa, anthu n'kumwa, n'kubalalika. Panalibe wopita kukakongola. Anzathu achisilamu amene ndimagulitsa nawo mumsika amaika maliro tsiku lomwelo kapena mawa lake, thupi lokulungidwa mu sanda yoyera, ndipo sindinamvepo munthu akunena kuti iwowa sakonda abale awo.

Lamulo la chuma cha masiye la 2011 linaletsa kulanda katundu wa amayi ndi ana amasiye, ndipo kwathu palibedi amene anakhudza mbale kapena njinga ya bambo. Koma kukakamiza banja kugula zimene silingakwanitse, kenako n'kukwera basi kusiya ngongole, kumasiya nyumba ili mbee chimodzimodzi. Kungoti apa palibe woti n'kukamusumira.

Pempho langa kwa mafumu ndi akuluampingo ndi laling'ono. Chipepeso chizilembedwa m'kope pamaso pa mboni ziwiri, ndipo chiziperekedwa chonse m'manja mwa mayi kapena bambo wofedwayo. Ngati wina anagula mafuta, akapemphe kwa mwiniwakeyo poyera. Abusa nawonso, mukamalalikira pamaliro, nenaniko mawu amodzi oti bokosi la paini si manyazi. Inu akakumvani, pamene ine amati ndine wamwano. Ndipo amene wafuna kasiketi, ayambe waika ndalama yake pamphasa.

Ine ndaphunzirapo mochedwa. Ndinalembetsa amayi ku inshuwalansi ya maliro, ndimalipira pang'onopang'ono pa foni mwezi ndi mwezi, ngakhale iwowo sindinawauze, angaganize kuti ndikuwalodza. Ife ana anayi tatsegulanso kathumba kathu, K5,000 aliyense pamwezi, ndipo kope likusungidwa ndi mng'ono wanga, amene ndi wouma manja kuposa tonse.

Loweruka lino ndikwera basi ya ku Ntcheu ndi matumba awiri a feteleza, malata atatu ndi thumba limodzi la simenti. Simentiyo ndi ya pamanda, mlongo wanga adzalembapo dzina la bambo ndi msomali isanaume. Abambo aang'ono ndawauza kale pa foni. Anadula ndisanamalize kulankhula.

Mwana wamasiye,
Ndirande, Blantyre